Mwana wanga pa tebulo la akufa

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi anali mnzanga wa ku Ntcheu, mayi wamkulu kwa ine, amene timapemphera limodzi Lachisanu. Amagwira ntchito yokolopa pa sukulu yomwe amaphunzira mwana wa abwana anga kuno ku Doha. Linali Lolemba m'mawa, ine ndikusita malaya a bwana mu fulati yathu ku Bin Mahmoud. Foni italira ndinaipanikiza ndi phewa, dzanja lili pa ayironi.

"Achemwali, pepani," anatero. "Pepani ndithu. Koma inu mtima wanu ndi wotani? Mpaka kutibisira ife anzanu?"

"Kubisa chiyani, mayi?"

"Za mtsikana wanu uja. Wamkulu uja. Watisiya liti?"

Amene munaberekapo sindikufunika kukufotokozerani. Ndinangopezeka ndakhala pansi. Kuti malaya a bwana sanapse ndi chisomo chabe.

Ndili ndi ana awiri kwathu ku Mponela, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi ndi mlongo wake wamng'ono. Amakhala ndi bambo awo, amene amapalasa kabaza, ndipo akulu anga amawayang'anira. Ndinadula foni ya mnzangayo osatsanzika n'kuimbira akulu anga. Anandiyankha ndi mayi uja wa mu foni, uja amalankhula mofatsa ngati sanaferedwepo, kuti nambala yomwe ndaimba siikupezeka. Ndinaimbira bambo a ana. Siikuyankhidwa. Ndinaimbanso, ndikupemphera pemphero lopanda mutu ndi mchira, longoti Yesu, Yesu. Kachisanu anayankha, mphepo ili fuu m'foni.

"Ndanyamula kasitomala, kwagwanji?"

"Mwana ali kuti?"

"Uti?"

"Wamkulu!"

"Ali ku sukulu. Nanga Lolemba angakhale kuti? Wachoka atavala masilipasi anga, ine pano ndikupalasa ndi nsapato za kutchalitchi."

"Mwamuona ndi maso anu?"

"Ayi, ndamuona ndi makutu. Kodi mayi, dzuwa la kumeneko layamba kulowa m'mutu?"

Sindinakondepo mwano wa bambo amenewa ngati tsiku limenelo. Ndinagwada pomwepo, pambali pa tebulo losita, ndinathokoza Mulungu wanga. Kenako ndinapukuta misozi, ndinaimbira mayi wa ku Ntcheu kuti andiuze amene wapha mwana wanga ndi pakamwa.

"Palibe wandiuza," anatero. "Ndaona ndekha. Ali pa tebulo la akufa, mu kalasi ya mwana wa abwana anuyo. Dikirani ndikutumizireni."

Chithunzi chinalowa. Tebulo la masitepe atatu, loyalidwa nsalu yofiirira. Makandulo a mabatire. Timitu ta anthu akufa topangidwa ndi shuga, tikumwetulira ngati tamva nkhani yabwino. Zithunzi za agogo a ndevu, agogo a mipango, ndi mphaka mmodzi. Pakati penipeni, pa sitepe yachiwiri, mwana wanga. Chithunzi chake chija anajambulitsa ku situdiyo pa msika, atavala diresi loyera, ataima chilili pambali pa maluwa a pulasitiki, osamwetulira chifukwa wojambula anati asagwedezeke. Ndimachisunga m'Baibulo, pa Masalimo. Chinali chitasowa masiku atatu, ine n'kumati chagwera kuseri kwa bedi.

Ndipo maluwa a pepala omuzungulirawo, achikasu chopsa ngati dzungu, ndinadula ndine. Ndi manja angawa.

Ndikufotokozereni za sukuluyi. Ndi sukulu ya anthu ozindikira. Ana ake ndi a mitundu yonse ya pansi pa thambo, ndipo mwezi uliwonse amakondwerera chikhalidwe cha mtundu wina, kuti ana akule akulemekezana. Ndi nzeru yabwino, sindikutsutsa. Kalata imapita kwa makolo, makolo amaiwerenga mu lifiti, n'kuitumiza kwa ife olera ana. Ndiye chikhalidwe chimayambira pamenepo. Ine amene ndinalekezera Sitandade 6 ndasoka kale zovala za ku India, ndamata nyali za ku China, ndipo nyengo imeneyi inali ya anthu olankhula Chisipanishi, a ku Mexico, Colombia, Peru ndi kwina konse kumeneko. Ndinasoka siketi yotambalala ya mizere. Ndinamata chibulu cha makatoni chimene ana amachimenya ndi ndodo kuti chitaye maswiti. Kwathu mwana akamenya bulu amakwapulidwa, kuno amamuombera m'manja. Sabata yomaliza anati tidule maluwa makumi awiri. Palibe anandiuza kuti ndi nkhata za pa manda.

Mnzanga uja anandimasulira zomwe anamva. Ku Mexico ali ndi tsiku lokumbukira akufa awo. Amaika zithunzi pa tebulo, amaikapo buledi ndi zakudya zimene malemuwo ankakonda, kuti akabwera kudzacheza asapeze njala. Nditamva ndinaseka ndekha, kuseka kowawa. Agogo anga aamuna ankathira ufa pansi pa mtengo kuitana makolo, ndipo abusa anawaimika pa mgonero chaka chathunthu. Zinali zachikunja. Koma ukazinyamula n'kuziika pa tebulo, m'chipinda chozizira ndi eyakoni, pa sukulu ya geti ya magetsi, dzina limasintha. Zimakhala chikhalidwe, ndipo makolo amabwera kudzajambula.

Za eni mwambo ndilibe nazo mlandu, akufa ndi awo. Mlandu wanga unali umodzi: wanga ndi wamoyo. Kwathu sugoneka mwana wamoyo pa mphasa ya maliro ngakhale mocheza. Sumuyeza ndi bango. Ukatero ndiye kuti ukuitana. Ndine wopemphera, ndikudziwa kuti moyo uli m'manja mwa Mulungu, osati pa tebulo la sukulu. Koma ndinenso mayi, ndipo mayi sayesa Mulungu ndi mwana wake.

Madamu anafika cha m'ma faifi kuchokera ku ofesi kwawo ku Al Dafna. Madamu anga ndi a ku Lebanon, ndipo ndi munthu wabwino, izi ndikunena ndi mtima wonse. Nditadwala anandiperekeza okha kuchipatala, ndipo sanandikalipirepo pamaso pa alendo. Ndinawadikira avule nsapato, ndinawaonetsa foni.

Anayang'ana, anagwira pa chifuwa. "Oooh, habibti!" Ndi mawu awo achikondi amenewo, amatchulira mwana wawo. "Taonani mtima wa mwana wanga! Waika mwana wanu pamodzi ndi banja. Si zokongola?"

"Madamu, tebulo limenelo ndi la akufa."

"Eya, koma ndi za ana chabe. Ndi pepala. Mafi mushkila." Ndiye kuti palibe vuto.

Pepala. Awa ndi madamu omwe anamangirira kamkanda kabuluu pa chikwama cha mwana wawo kuopa diso loipa. Munthu akangoti mwanayu wanenepa bwino, amathamangira kunena mashallah, mawu awo otchingira tsoka, katatu asanapume. Zawo ndi chitetezo, zanga ndi pepala. Ndinafuna kufunsa ngati tingaikepo chithunzi cha khanda lawo, poti ndi pepala, koma lilime ndinaliluma. Ndinangoti, "Chonde madamu, chichoke."

Anandiyang'ana nkhope, anaona kuti sindikuseka, anati alemba imelo kwa aphunzitsi. Analembadi. Koma anthu ophunzira salemba zinthu mwachindunji, amaopa kuchititsa manyazi. M'malo monena kuti mwanayo ali moyo, analemba kuti chithunzicho ndi cha mwana wa wantchito wathu, ndipo mayi ake akuchifuna chifukwa ndi chamtengo wapatali kwa iwo. Yankho linabwera Lachiwiri m'mawa, madamu anandiwerengera akumwa khofi. Aphunzitsi akhudzidwa kwambiri. Akupepesa mayiyo. Achisamala ngati diso lawo. Chibwerera Lachinayi mwambo ukatha, pakuti tsiku limenelo makolo abwera, ndipo mwana aliyense adzaima kutsogolo, adzatchula dzina la womwalira wake mokweza, n'kumuikira buledi.

"Mwaona? Lachinayi. Khalas," anatero madamu, kutanthauza kuti nkhani yatha, n'kunyamula makiyi.

Ndiye kuti Lachinayi dzina la mwana wanga, limene ndinamutcha ndekha, litchulidwa pa mndandanda wa akufa, pakati pa agogo a eni ndi mphaka.

Ndinaimbiranso mayi wa ku Ntcheu. "Mayi, inu mumalowa mu kalasimo ndi mopu. Tangochitolani, muike m'thumba la yunifomu."

"Achemwali, muli makamera mmenemo, ngodya iliyonse. Supavaiza anatiuza kuti pa tebulopo ngakhale fumbi tisapukute. Mukufuna andikweze ndege? Inenso ndili ndi ana."

"Chabwino. Koma nkhani ija simunauze munthu, eti?"

"Awiri okha."

Awiri okha. Amene munakhalapo ku Najma, kumene Amalawi ambiri amapanga lendi, mukudziwa kuti awiri a kumeneko ndi mpingo wathunthu. Pofika masana foni yanga inali itadzaza. Wina anatumiza vesi. Wina anaimba nyimbo ya maliro ndime zonse, mpaka kusintha mawu kuti aimbenso besi. Dalaivala wina wa pa hotela, amene sitinalankhulanepo, anafunsa ngati thupi lili kumudzi kapena ku chipatala cha boma. Ndinalemba pa gulu lathu la pa foni ndi zilembo zikuluzikulu kuti mwana wanga ali moyo. Mayi wina wa kwaya anayankha msangamsanga: "Ameni, ali moyo mwa Ambuye." Ndinachita kutumiza mawu, ndikukuwa, kuti ali moyo ku Mponela, Sitandade 5, ndipo wavala masilipasi a bambo ake.

Masana amenewo popita kukatenga mwana ndinayesa ndekha. Pa sukulupo pali mabaji a mitundu iwiri. Makolo ali ndi abuluu, amalowa mpaka m'kalasi. Ife olera ana tili ndi achikasu, timathera pa geti, pansi pa kadenga, pamodzi ndi anzathu a ku Philippines, Kenya, Uganda, Sri Lanka. Kunena zoona, ngati akufuna kuona mitundu ya anthu ikukhalirana bwino, akugawana madzi ndi mthunzi, sakufunika kudula mapepala. Angosuzumira pa geti. Ndinauza mlonda kuti ndili ndi mawu ndi aphunzitsi. Anandiyang'ana pa chifuwa, anamwetulira mwaulemu, anati yachikasu imathera pano, mama. Chithunzi cha mwana wanga chinalowa mpaka pa sitepe yachiwiri popanda baji. Mayi ake ayi.

Tsopano za wakuba chithunziyo, mwana wa abwana. Ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, tsitsi lopiringizika ngati mpiru wa m'dimba. Ndinakapeza kali ndi zaka zitatu, kakuyamwa chala. Ndikamati mwana wa abwana ndimangotsata mwambo, koma kudya kwake, malungo ake, mantha ake a chimbudzi cha ndege, zonse zadutsa m'manja mwanga. Masiku awiri amenewo ndinali nditakakwiyira. Sindinakakalipire, si mwana wanga woti ndingamukalipire, koma kanadziwa, chifukwa ndinkakapatsa chakudya osaimba.

Lachitatu madzulo, katasamba, kanakhala pa mpando kuti ndikapese tsitsi. Ndinafunsa m'Chingerezi changa chomwechi.

"Unatsegula Baibulo langa?"

Kanagwedeza mutu kuvomera.

"Chifukwa chiyani?"

"Aphunzitsi anati tibweretse chithunzi cha munthu amene timamukonda koma sitingamuonenso. Ine ndilibe, Anti. Agogo anga onse alipo, amangobwera kudzadya. Aliyense anali ndi wake. Ndiye ndinabwereka wanu."

"Anakuuza ndani kuti anamwalira?"

"Palibe. Koma mumamupsompsona n'kumalira. Mumalankhula naye mutatseka maso. Ndipo sabwera."

Ndinaima ndi chipeso m'manja. N'zoona, foni ya kumudzi ndimaimba Lachisanu, tsiku langa la ofu, ndili kunja. Kamwanaka sikanamvepo mawu a mwana wanga. Kanangoona mayi akulira ndi chithunzi pa Masalimo.

"Ali moyo," ndinatero. "Amapita ku sukulu ngati iwe. Amadana ndi masamu ngati iwe."

Kanatembenuka, kanandiyang'ana ndi maso aja. Ndimayembekezera kuti kapepesa, kapena kalira. Kanafunsa funso.

"Ngati ali moyo, bwanji muli kuno? Tsitsi lake amamupesa ndani?"

Abale, ndafunsidwapo mafunso ndi a pa bwalo la ndege, ndi madokotala, ndi akulu a mpingo. Onse ndinawayankha. Ili ndinalephera. Ndikanati chiyani? Kuti ndili kuno kupesa iwe kuti iye apite ku sukulu? Kuti tchuthi changa chinayenera kukhala chaka chatha, koma amayi ako anabereka mlongo wako, tinagwirizana kuti ndidikire? Kuti mwana wanga anameta mpala chaka chomwe ndinachoka, chifukwa bambo ake sadziwa kuluka? Ndinangoti tembenuka, ndimalize. Ndinakapesa bwinobwino, mofatsa, kuposa masiku onse.

Lachinayi Mulungu anachita zake, ndipo anagwiritsa ntchito miting'i. Bwana anali pa ulendo. Madamu anadzuka ndi uthenga woti akufunika ku ofesi nthawi yomweyo ya mwambo. Chikhalidwe ndi chofunika kwambiri pa kakulidwe ka mwana, koma miting'i ndi miting'i. Anandikoleka baji yabuluu m'khosi, analembera a pa geti kakalata, anati, "Yalla, pitani, mukajambule vidiyo yonse. Musadule mutu wake ngati ulendo uja."

Mlonda yemwe uja anayang'ana pa chifuwa panga, anatsegula geti, mpaka kundilozera njira. Ndinali munthu yemweyo, diresi lomwelo. Kapulasitiki kokha.

M'kalasimo munali chisangalalo. Nyimbo za magitala, mbendera za mapepala kudenga. Abambo ena, anthu olemekezeka a m'maofesi, atavala zipewa zotambalala ngati lichero. Mayi wina atadzipenta nkhope ngati chigaza, chikwama chodula chili pa mkono. Aliyense foni m'mwamba. Ine maso anga anali pamodzi. Mwana wanga anali pomwepo, ataima chilili mu diresi lake loyera, kandulo ya batire ikuphethira pa mapazi ake.

Aphunzitsi anabwera kudzandilonjera. Ndinkaganiza kuti ndipeza chimzimayi chodzimva, ndinali nditachikonzera mawu m'mutu njira yonse. Ndinapeza kamtsikana kochepa thupi, maluwa m'tsitsi, msinkhu wa mng'ono wanga wotsiriza, ka ku Mexico komweko. Kamwana ka abwana kanati, "Awa ndi Anti, amayi ake a uja." Aphunzitsiwo nkhope inagwa. Anandikumbatira mwamphamvu, akunong'ona kuti pepani, pepani mama, anali wokongola.

Ndinadzimasula pang'onopang'ono. Mawu onse ndinakonza aja anathawa, anatsala ochepa.

"Tichala, sanafe. Ali Sitandade 5."

"Pepani?"

"Mwana wanga. Ali moyo. Ndalankhula ndi bambo ake Lolemba. Ali ku sukulu pano tikunena pano."

Sindinaonepo munthu akusintha mtundu chonchija. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, anatchula dzina la Mulungu m'chilankhulo chawo, anadzilemba mtanda. Sananene kuti ndi pepala. Sananene kuti tidikire mwambo uthe. Anadutsa pakati pa makolo ndi zipewa zawo, anafika pa tebulo, anachotsa chithunzicho ndi manja awiri, anachipukuta pa bulauzi yawo, anabwera kudzandipatsa atawerama.

"Kwathu sitiika wamoyo pamenepa," anatero, misozi ili m'maso. "Ndi tsoka. Amayi anga atamva kuti ndachita zimenezi angandimenye ndi silipasi. Bwanji sanandiuze?"

Ndiye mwaona. Ine wa Sitandade 6 ndi mwini mwamboyo tinali kumvana kuyambira pachiyambi. Amene ankati ndi pepala ndi ophunzira a pakatiwa.

Anandilozera chithunzi cha pamwamba penipeni, bambo wa ndevu za pa mlomo, ataima pambali pa galimoto yakale. Anati ndi bambo ake. Anamwalira chaka chatha iye ali kuno, ndipo anafika kwawo ataikidwa kale. Anati tebuloli ana amaliona ngati masewera, koma iye amabwera m'mamawa kudzakhala nalo yekha. Ndinamugwira dzanja. Ndinali nditabwera ndi mkwiyo wodzaza dengu, ndinasowa pouthira. Mwana wa eni, nayenso ali kutali ndi kwawo ngati ine, kungoti baji yake ndi ina.

Mwambo unayamba. Ana anaima pa mzere, aliyense kabuledi kozungulira m'manja. Wina anatchula agogo ake. Wina amalume ake. Mwini mphaka anatchula mphaka wake n'kulira kwambiri kuposa onse, ndipo sindimuweruza. Ine foni ya madamu m'dzanja lamanja, chithunzi ndachipanikiza pa chifuwa ndi lamanzere. Apo ndi pomwe ndinazindikira kuti ndapulumutsa wanga koma ndasiya wa eni pa mbalambanda. Kamwana kaja kanali pa mzere ndi buledi, malo ake pa tebulo ali pululu. Kanayang'ana pa tebulo, kanayang'ana ine. Mtima wanga unati tsopano katchula dzina, chifukwa ndi zomwe kanaloweza sabata yonse. Ndinapemphera chamumtima kuti Ambuye, tsekani kapena tsegulani, koma mwanzeru.

Nthawi yake itakwana kanaima kutsogolo, siketi ndinasoka ija ili tambalale.

"Ine ndinalakwitsa," kanatero. "Wanga sanafe. Ali Sitandade 5. Amadana ndi masamu."

Kanayenda kudutsa tebulo, kanabwera kwa ine, kanandipatsa buledi. "Mukamupatse."

Dzina silinatchulidwe. Ndikubwereza, kuti amene munanditumizira mavesi mumve: dzina la mwana wanga silinatchulidwe pa tebulo limene lija.

Makolo anaomba m'manja. Amaombera chilichonse anthu amenewa, mwana atayetsemula amaomba. Mafoni onse anatembenukira kwa ine. Vidiyo ya madamu pamenepo inajambula denga ndi nsapato za anthu, ndipo mutu wa mwana ndinaudula ndithu. Titatuluka, mayi wa nkhope ya chigaza uja anandigwira mkono, penti ikuyenderera ndi misozi, anati zamukhudza kwambiri, ndipo mwezi wa chikhalidwe cha ku Africa ukafika ndidzabwere ndi ng'oma yanga ndidzawavinire ana. Ng'oma yanga. Inde, ndinaiika m'chikwama pochoka ku Mponela, pakati pa zitenje ndi mankhwala a mutu. Ndinamwetulira, ndinati inshallah. Mawuwa amatanthauza kuti Mulungu akalola, koma kuno ndaphunzira kuti ndi njira yaulemu yonenera kuti musadikire.

Buledi sangafike ku Mponela. Poti sanakhudze tebulo, ndinamupempherera, tinagawana ndi kamwanako mu takisi pobwerera. Anali wotsekemera, wonunkhira malalanje. Chithunzi chinabwera ndi kachidutswa ka pepala lachikasu komatirira kumbuyo, ndinakachotsa ndi chikhadabo pang'onopang'ono.

Madzulo madamu anaonera vidiyo ija, denga ndi nsapato zomwe, anamva mawu a mwana wawo. Anaseka, kenako anasiya kuseka. Ndinaona kuti khomo latseguka pang'ono, ndinalowetsa phazi. Ndinawauza funso limene mwana wawo anandifunsa ndikumupesa, mawu ake enieni, osawonjezera mchere. Kenako ndinati, "Madamu, ndikupempha ndikaone ana anga. Zaka zitatu zakwana."

Anayang'ana khanda lili m'manja mwanga. Anati akumvetsa. Anati alankhula ndi bwana akabwera. Anati mwina khandali likayamba kuyenda. Anamaliza ndi inshallah.

Sindikudziwa kuti ndi inshallah uti, wa Mulungu kapena winayu. Khandalo layamba kugwira mipando, ndipo ine ndimaliyendetsa tsiku lililonse m'khonde, manja awiri, mwakhama kuposa mphunzitsi aliyense. Mwana wanga sitinamuuze kalikonse za nkhaniyi, ndipo amene mukumudziwa chonde musakamuuze, ndidzamuuza ndekha akadzakula.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisungira mwana, ndikuthokozanso chifukwa cha nyumba imene ndikugwiramo ntchito, pakuti ena ali m'nyumba zowawa. Inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamagwada musatiiwale. Mukumbukire bambo a ana pa msewu ndi njinga yawo, akulu anga amene asenza katundu wanga, mnyamata wanga amene wayamba kundiyankha pa foni ngati mlendo, ndi mtsikana wanga. Muwatchule pamaso pa Ambuye, kuti ndikawapeze onse ali bwino, ndipo ndikawapeze msanga.